Za Kulera Ana a Sukulu m'Makhalidwe Okoma



Pa malamulo khumi a Mulungu tafika tsopano pa lacinai, lija lonena za ulemu umene ana ayenera kupatsa atate ndi amai ao. Ndidziwa kuti ambiri a inu mulikonda lamulo limeneli kupambana ena onse, popeza muyesa kuti likhudza ana okha, ndipo inu akulu likulambalalani monga mvula yogwa kutsidya kwa mtsinje. Koma Eklezia pofotokoza lamulo limeneli sasiya kuchula mangawa a makolo kwa ana ao. Mwana abadwa ndi maso, ndi makutu, ndi zala zace zonse, koma ulemu sabadwa nao. Acita kuuphunzira, ndipo auphunzira kwa munthu amene akhala naye pafupi. Cifukwa cace, tisanafunse ngati ana athu atilemekeza, tiyambe tafunsa kuti ndani alikuwaphunzitsa kukhala bwino ndi anthu, makamaka ana aja amene m'mawa uli wonse acoka pakhomo ndi kabuku m'manja kunka kusukulu.

Pa bwalo, pa citsime ndi pa maliro pamveka dandaulo limodzi, lakuti ana a sukulu alibe mwambo. Apitirira munthu wamkulu panjira osapereka moni, alandira cinthu ndi dzanja limodzi, ayankha amai ao ali ciimire, ndipo ukawadzudzula akuyankha m'Cipwitikizi kuti usamve. Dandaulo limeneli siliri labodza. Koma mlandu wonse tautula pakhomo pa aphunzitsi, ndipo apa mpofunika kuima pang'ono.

Talowani tsiku lina m'cipinda ca sukulu ya m'mudzi mwanu, muwerenge mitu. Kawirikawiri mudzapeza ana 60 kapena 70 pamaso pa mphunzitsi mmodzi, ena atakhala pansi, ena pa njerwa. Mphunzitsiyo ayenera kuwaphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi masamu, ndiponso cinenero cimene ambiri a iwo sacimva kwao. Dzuwa likafika pamutu gulu limeneli lituluka kuti lina lilowe. Motero mwana akhala m'manja mwa mphunzitsi maora 4 kapena 5, ndipo maora ena onse a usana ndi usiku ali m'manja mwanu. Lamulo la dziko lathu la caka ca 2018 lifuna kuti mwana ali yense aphunzire kufikira kalasi ya 9, ndipo ndi lamulo labwino. Koma palibe lamulo la boma limene lingalowe m'nyumba mwanu madzulo ndi kuphunzitsa mwana wanu kunena kuti pepani.

Akuluakulu pakati panu akumbukira nthawi imene sukulu zambiri za kumidzi zinali m'manja mwa misyoni, ndipo mphunzitsi yemweyo ndiye anali kuphunzitsanso katekisimu. Pa 24 Julho 1975, patangopita mwezi umodzi dziko litalandira ufulu, boma lidatenga sukulu zonse, ndipo katekisimu idatuluka m'cipinda ca sukulu. M'caka ca 1977 Eklezia wa Moçambique adasonkhana ku Beira, nagwirizana kuti moyo wa Cikristu ukhazikike m'timagulu ta Akristu a m'midzi, m'mene ali yense akhala ndi nchito yace. Nkhondo nayonso idakula, ndipo idatha ndi cipangano ca mtendere ca ku Roma m'caka ca 1992. Sukulu zambiri zidapasuka, midzi idabalalika, ndipo anthu ambiri a kuno ku Angónia adakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ana a nthawi imeneyo, amene adakulira m'misasa ya othawa nkhondo, kutali ndi gowelo ndi kuka ya agogo ao, ndiwo makolo a lero. Sindinena izi kuti ndiwatsutse, iai. Ndinena kuti cingwe cija cimene cinali kutsitsa mwambo kucokera kwa agogo kufikira kwa adzukulu cidaduka pakati, ndipo sicidzalumikizika cokha. Aepiskopi a dziko lonse lapansi, pa msonkhano wao waukulu wa Vatikano waciwiri, adaphunzitsa m'caka ca 1965 kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana ao, ndi kuti nchito imeneyi ikalephera pakhomo nkobvuta kuti wina ailowe m'malo. Inu amene mulikupempha ubatizo, mulikupempha pamodzi ndi katundu ameneyu.

Tsono makhalidwe okoma amene tiwafuna mwa mwana wa sukulu ndi otani? Makolo athu adatisiyira ambiri, ndipo Mkristu sayenera kuwataya. Kunena odi pofika pakhomo pa eni, kugwada kapena kunjuta polankhula ndi wamkulu, kulandira ndi manja awiri ndi kuomba m'manja, kulandira mtolo wa nkhalamba panjira, kusatsiriza ndiwo m'mbale imene adyamo ena, zonsezi ziphunzitsa mwana kuti pa dziko sali yekha. Ngakhale masanje a nthawi yokolola anali sukulu ndithu, pakuti kumeneko ana anali kugawana nchito, kuphikirana, kuweruza timilandu tao ndi kuyanjananso dzuwa lisanalowe.

Koma sukulu ibweretsa mayeso amene masanje sadawadziwe. Kumasanje mwana anali kusewera ndi abale ace ndi asuweni ace. Kusukulu akhala mpando umodzi ndi mwana wa mudzi wina, wa mtundu wina, wa mpingo wina, mwana wa Msilamu, mwana wa munthu amene atate ace adakangana naye za malire a munda. Apeza mnzace wacibwibwi, wina wotsimphina, wina mwalubino amene saona bwino zolembedwa pa bolodi, wina wamasiye wobvala malaya ong'ambika pamsana nthawi ya cisanu. Pamenepo ndi pamene padziwika mtima wa mwana. Kodi adzabwereka colembera cace kwa mnzace amene alibe? Kodi adzagawa cimanga cace cokazinga ndi iye amene wadza wopanda kanthu m'thumba? Akagonja pa mpira, adzabwerera kwao mwamtendere, kapena adzatola miyala? Akaswa kanthu ka aphunzitsi, adzabvomera, kapena adzaloza wamng'ono amene sangathe kudziteteza?

Alipo ana ogwada bwino kwambiri pamaso pa akulu, amene akangokhota pa mkuyu alanda mbatata za aang'ono ndi kuwaopseza kuti asakanene. Ulemu wotere ndi wa maondo okha. Udabadwa ndi mantha, ndipo uthera pamene maso a wamkulu athera. Inu mwaphunzira kale kuti Mulungu aona zobisika, ndipo mwana amene tifuna kulera ndi uja wocita zabwino panjira ya kuthengo pamene palibe womuona koma Mulungu yekha.

Nanga mtima wotere ubzalidwa bwanji? Eklezia ali ndi Woyera wina amene adatha moyo wace wonse pa funso limeneli, ndipo nkhani yace iyenera kumveka bwino kwa ali yense wolera mwana.

Giovanni Bosco, amene ife timdziwa ndi dzina lakuti Dom Bosco, adabadwa m'caka ca 1815 pa kamudzi ka Becchi, kumpoto kwa dziko la Italia. Anali mwana wa alimi osauka, woweta ng'ombe monga ana athu omwe. Atate ace adamwalira iye asanakwanitse zaka 2, ndipo adaleredwa ndi amai ace, a Margherita Occhiena, amene sanali kudziwa kuwerenga kapena kulemba. M'caka ca 1841 adalandira unsembe mu mzinda wa Torino. Masiku amenewo mzindawo unali kukula, ndipo anyamata ambiri anali kucoka kumidzi ndi kumapiri kudzafuna ganyu ya zomanga nyumba, monga anyamata athu atsikira ku Tete ndi ku Moatize. Anali kugona pali ponse pamene apeza, opanda mbale, opanda wowalangiza. Wansembe wina womtsogolera, Giuseppe Cafasso, adamtenga kukaceza m'ndende za mzindawo, ndipo kumeneko adaona anyamata a zaka 12 kufikira 18, amphamvu ndi anzeru, atangokhala osacita kanthu, nsabwe ndi njala zirikuwadya. Adaonanso kuti ambiri akamasulidwa anali kubwerera m'ndende momwemo pasanapite nthawi. Cimene cidamsautsa mumtima cinali ici: anyamatawa akadapeza kunja munthu mmodzi wowakonda ndi kuyenda nao, kodi akadabwereranso?

Pa 8 Dezembro caka comweco, alikubvala zobvala za Misa m'chalichi ca Fransisko Woyera wa ku Assisi, adamva phokoso. Munthu wosamala za m'chalichi anali kumenya mnyamata wina ndi mtengo wa copukutira fumbi, cifukwa adalowa m'cipinda ca ansembe pamene sanali kudziwa kutumikira Misa. Mnyamatayo adathawa. Dom Bosco adadzudzula womenyayo, namuuza kuti amene wamthamangitsayo ndi bwenzi lace, namtuma kukamuitana. Anali Bartolomeo Garelli, wa zaka 16, wa ku Asti, wamasiye, wogwira nchito ya njerwa. Itatha Misa Dom Bosco adayamba kumfunsa. Kuwerenga sanali kudziwa, kulemba sanali kudziwa, ndipo kukatekisimu sanali kupita cifukwa ca manyazi, poopa kukasekedwa ndi tiana tating'ono todziwa kuposa iye. Asimba kuti potsiriza wansembeyo adamfunsa ngati adziwa kuimba mluzu, ndipo apo mnyamatayo adaseka. Adapemphera pamodzi Tikuoneni Maria, naphunzira kucita cizindikiro ca mtanda. Lamulungu lotsatira adabweranso, ali ndi anzace.

Taganizirani bwino anthu awiri amene adakomana ndi mnyamata uja m'mawa umenewo. Wosamala chalichi sanali munthu woipa. Anali kufuna ulemu m'nyumba ya Mulungu, monga inunso muufuna m'nyumba zanu. Koma mtengo wace udaphunzitsa mnyamatayo cinthu cimodzi cokha, ndico kudziwa kumene kuli khomo lotulukira. Dom Bosco adafunafuna kufikira atapeza kanthu kamodzi kamene mnyamatayo anali kudziwa, ngakhale kanali mluzu cabe, ndipo adayambira pamenepo.

Anyamata adaculuka, kotero kuti anansi anali kuwapitikitsa pa malo ali onse cifukwa ca phokoso. M'caka ca 1846 adapeza cisakasa pa malo ochedwa Valdocco, ndipo amai ace, ali okalamba kale, adasiya mudzi ndi adzukulu ao kudzakhala naye kuti aphikire ndi kusokera ana a eni. Usiku wina wa mvula m'caka ca 1847 adalandira mnyamata wamasiye woyamba kugona pakhomopo. Atamdyetsa ndi kumyalira, amai Margherita adamuuza timau tocepa ta cilangizo asanagone. Kucokera pamenepo udayamba mwambo wakuti madzulo ali onse, atatha mapemphero, Dom Bosco alankhule ndi ana ace kanthawi kocepa za zimene zacitika tsiku limenelo. Adatsegula nyumba zophunziramo kusoka nsapato, kusoka zobvala, kupala matabwa ndi kusindikiza mabuku. Anyamata ena anali kuphunzira nchito kwa amisiri a mumzinda, ndipo Dom Bosco anali kulemba cipangano ndi amisiriwo. Cimodzi ca m'caka ca 1852 cidasungidwa kufikira lero, ndipo m'menemo mmisiri wa matabwa alonjeza kulangiza mnyamatayo monga tate alangiza mwana wace, kumdzudzula ndi mau okha osammenya, ndi kumpatsa nchito yolingana ndi msinkhu wace.

M'caka ca 1877 adalemba mwacidule njira yace yolerera ana. Adati njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndiyo kupereka lamulo, kukhala patali ndi nkhope yokwinya, kudikira kuti mwana alakwe, kenaka kumlanga. Yaciwiri ndiyo kufotokoza lamulo, ndi kukhala pakati pa ana monga tate wao, kotero kuti kulakwa kusowe polowera. Alimi mudziwa bwino kusiyana kwace. Mlimi wanzeru amanga cilindo m'munda cimanga cisanakhwime, nagona komweko. Wopusa akhala kumudzi, ndipo anyani atadya athamanga ndi uta kukalasa mapesi. Njira yaciwiriyi Dom Bosco adaikhazika pa mafuwa atatu, ndiwo nzeru, cipembedzo ndi kukoma mtima. Nzeru ndiko kuuza mwana cifukwa ca lamulo, pakuti mwana ndi munthu, si mbuzi yongokokedwa pacingwe. Cipembedzo ndiko kumzoloweretsa kukumbukira kuti Mulungu alikumuona ndi kumkonda, ndi kumfikitsa ku sakramenti la kulapa ndi la Ukaristia mosamkakamiza. Kukoma mtima ndi cikondi cimene mwana angathe kuciona ndi maso ace. Adaletsa kumenya, kukoka makutu, ndi kugwaditsa mwana mompweteka. Adalangiza kuti kudzudzula kucitike padera, kutali ndi anzace, mtima utatsika. Iye mwini, akaona mwana alikusokera, anali kumyandikira pa bwalo la masewera ndi kumnong'oneza mau pang'ono m'khutu, anzace osamva. Adacitira umboni kuti pa zaka ngati 40 zimene adakhala ndi anyamata sanali kukumbukira kuti adagwiritsapo nchito cilango cowawa, ndipo anyamata ace ambiri anali otoledwa m'miseu.

Atakalamba, m'caka ca 1884, ali ku Roma, adatumiza kalata ku Valdocco yodandaula. Nyumba zinali zitakula, ana anali ambiri, malamulo anali kusungidwa. Cimene cidamliza cinali cakuti aphunzitsi adasiya kusewera ndi ana. Nthawi yopuma anali kuima patali, kuceza okhaokha ndi kuyang'anira ndi maso. Adawakumbutsa kuti kukonda mwana mumtima sikukwanira ngati mwanayo sakudziwa, ndi kuti amene alowa m'zimene ana akonda adzaona anawo alikulowa m'zimene iye afuna, ngakhale zobvuta. Adamwalira m'caka ca 1888, ndipo Papa Pio XI adamlengeza kuti ndi Woyera m'caka ca 1934. Ana ace auzimu, Asalesiani, ali ndi sukulu ya nchito za manja ku Matundo, pafupi ndi mzinda wa Tete.

Ndidziwa cimene ena a inu mulikunena mumtima. Mukuti: ife tidakula ndi mkwapulo, ndipo tidakhala anthu, zimenezo nza ana a Azungu. Ena odziwa Malembo adzaonjeza kuti buku la Miyambo lichula ndodo, ndipo nzoona, liichula. Koma tafunsani agogo amene adalawa mbalamatodya m'sukulu za nthawi ya Apwitikizi, thabwa lija la mabowo lomenyera m'zikhato, akuuzeni cimene idawaphunzitsa. Ambiri adzakuuzani kuti idawaphunzitsa kubisa, kunama msanga, ndi kuthawa sukulu. Paulo Woyera, m'kalata yace kwa Aefeso, mutu 6, atalamula ana kumvera, acenjeza atate kuti asapsetse mtima ana ao. Ambuye athu Yesu adapota mkwapulo tsiku lina, koma unali wa akuluakulu ocita malonda m'Kacisi. Ana adawafungatira, ndipo adakwiyira ophunzira ace amene anali kuwaingitsa. Tinene zoona pamaso pa Mulungu: mikwapulo yambiri imene igwa pa ana m'midzi mwathu siigwa cifukwa ca kulakwa kwa mwana. Igwa cifukwa atate abwera ku kacasu, kapena amai apsa mtima ndi nkhani ina ya kucitsime, ndipo mwana ndiye wapezeka pafupi. Mwana wotere akafika kusukulu acita kwa wamng'ono cimene wamkulu adacita kwa iye.

Koma wina asacoke pano ndi kukanena kuti aphunzitsi a katekisimu alola ana kucita ziri zonse. Buku loyamba la Samueli lisimba za Eli, wansembe wa ku Silo, amene ana ace awiri, Hofni ndi Finehasi, anali kulanda nyama ya nsembe kwa anthu odza kudzapembedza. Eli adamva, nawalankhula ali wokalamba kwambiri, ana ali akuluakulu ouma kale, ndipo adawasiya pa nchito yomweyo. Onse awiri adafa tsiku limodzi pa nkhondo ya Afilisti, ndipo Eli pakumva mbiriyo adagwa cagada pa mpando wace, nathyoka khosi, ali ndi zaka 98. Makolo athu adati kuongola mtengo mpoyamba, natinso nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Womenya ndi wolekerera afanana pa cinthu cimodzi: onse awiri afika mocedwa, ndipo onse awiri sanali pafupi pamene mtengo unali kuyamba kupindika.

Cilango cabwino ndi cija cokonza cimene caonongeka. Mwana akaba colembera ca mnzace, atate ace amgwire dzanja, apite naye kwa eni ace, acibweze yekha ndi kupepesa ndi pakamwa pace. Ulendo umenewo adzaukumbukira zaka zambiri mabala a mkwapulo atapola. Akatukwana nkhalamba, akaitungire madzi sabata lathunthu. Akanama, asamveke mau ace pa nkhani ina kufikira atabwezanso cikhulupiriro, ndipo akanena zoona pa mlandu womgwera, cilango cicepe, kuti aone kuti coonadi sicipha.

Mwa ana a Dom Bosco munali wina dzina lace Domenico Savio, mwana wa mmisiri wosula zitsulo, amene adafika ku Valdocco m'caka ca 1854 ali ndi zaka 12. Anzace awiri a kusukulu adatukwanirana makolo, napangana kukamenyana ndi miyala pa malo a padera. Domenico adawadandaulira, osamva. Potsiriza adapempha kuti apite nao. Atafika, ali yense atatola miyala yace, iye adaima pakati, nakweza kamtanda kamene anali kubvala m'khosi, nawauza kuti ayang'ane Ambuye amene adafa alikukhululukira adani ace, ndipo wofuna kuponya ayambe waponya iye. Adagwada pamaso pa woyamba, kenaka pamaso pa waciwiri. Miyala idagwa pansi. Domenico adamwalira m'caka ca 1857 asanakwanitse zaka 15, ndipo Papa Pio XII adamlengeza kuti ndi Woyera m'caka ca 1954. Onani kuti pa malo aja panalibe mphunzitsi, panalibe wansembe, panalibe kholo. Panali mwana mmodzi woleredwa bwino. Pa njira ya kusukulu, pa dambo la ng'ombe ndi pa bwalo la mpira inu simungapezeke nthawi zonse, ndipo kumeneko ana aphunzitsana okha. Mwana wanu adzakhala mmodzi wa atatuwo, wotola miyala kapena woima pakati.

Tsono tibwerere m'nyumba zathu. Mwana amva pang'ono zimene munena kwa iye, koma amva zonse zimene munena pamaso pace. Mnyamata aphunzira kulankhula ndi atsikana a kusukulu pakumva m'mene atate ace alankhulira ndi amai ace. Mtsikana aphunzira miseche pa mtondo. Mukanyoza aphunzitsi pa nthawi ya nsima, musadabwe mawa mukamva kuti mwana wawayankha mwano. Ndipo kholo limene litenga nkhuku kapena ndalama kunka nazo kwa mphunzitsi kuti mwana wolephera akwere kalasi, lidziwe kuti tsiku limenelo laphunzitsa mwanayo phunziro limene sadzaliiwala, lakuti bodza ligulidwa ndipo thukuta nla opusa. Limeneli ndi chimo, kwa wopereka ndi kwa wolandira, ndipo liyenera kuululidwa pa kulapa.

Pali cinanso cimene sindingacisiye, ngakhale ncolemera kucichula. Taphunzitsa ana athu, makamaka atsikana, kuti wamkulu satsutsidwa. Koma alipo akulu ena, m'mudzi, panjira, ngakhale m'sukulu momwe, amene aitana mtsikana padera ndi kumlonjeza sopo, ndalama kapena kukhoza mayeso. Mwana wophunzitsidwa kugwada kokha sadziwa kukana. Muwauze momveka kuti ulemu sutanthauza kubvomera coipa, ndi kuti Mulungu ayenera kumveredwa kuposa munthu ali yense. Ambuye adanena mau oopsa, a mwala wa mphero ndi nyanja yakuya, za munthu wocimwitsa mmodzi wa aang'ono. Lamulo la dziko la caka ca 2019 liletsa kukwatitsa mwana wosafika zaka 18, ndipo Mkristu asapezeke pakati pa okonza ukwati wotere kuti abise manyazi. Apa ndi pamene njira ya Dom Bosco ionetsa phindu lace lalikulu. Mwana woopa atate ace abisa zotere kufikira mimba iulula. Mwana wozolowera kuceza ndi amai ace madzulo ali onse anena tsiku loyamba lomwelo.

Cifukwa cace mwambo uja wa amai Margherita ndiupereka kwa inu, popeza sufuna ndalama kapena kudziwa kuwerenga. Mutatha kudya, musanapemphere, foni ndi wailesi zitakhala cete, khalani ndi ana anu kanthawi. Musafunse za mayeso okha. Funsani kuti lero wadya ndi yani, ndani analira m'kalasi ndipo cifukwa ninji, ndani sanabwere, iye anacitapo ciani. Masiku oyamba adzakuyankhani ndi mapewa, cifukwa sadazolowere. Musatope. Akakuuzani cabwino cimene wacita, muyamikireni pamaso pa abale ace. Akakuuzani coipa, mudikire ena agone, ndipo mulankhule naye awiri. Atate asayese kuti imeneyi ndi nchito ya amai okha. Ndipo tsiku lina, mukaweruka kumunda, pitani mukaime pa bwalo pamene ana alikumenya mpira wao wa mapepala, muombe m'manja, mudziwe maina a anzace a mwana wanu. Ena adzakusekani kuti mwasowa nchito. Dom Bosco nayenso ansembe anzace adamuyesa wamisala.

Posankha atate kapena amai a ubatizo a ana anu, musayang'ane amene ali ndi sitolo ku Ulongwe, amene mwana adzawaona kamodzi pa caka. Sankhani Mkristu wa m'mudzi momwemo, amene mwana adzadutsa pakhomo pace popita kusukulu ndi pobwera.

Atsala ana amene alibe wowafunsa madzulo, amasiye ndi aja okhala ndi agogo ofooka. Bartolomeo Garelli anali wotere. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mu Eklezia mau amenewa alemera koposa, pakuti ubatizo umene mulikuuyembekeza udzakusandutsani abale a ana amenewa. Lamulungu likudzali, pobwera ku phunziro, ali yense abwere ndi maina a ana a sukulu otere a m'mudzi mwace, ndi kalasi imene aphunzira. Tikatha mapemphero tidzakhala pansi ndi akulu a mphakati, tigawane mainawo nyumba ndi nyumba.